Khutu la Baba ndi langa

Anzanga, zimene ndinachita Lachiwiri ku Al Hilal, kuno kunja kumene ndili pantchito, musakauze mayi anga ku Mangochi!

M'nyumba yomwe ndimagwira ntchito muli Baba, bambo ake a madamu, munthu wabwino mtima mwakuti sindinaonepo. Amapumira makina kudzera kapaipi ka pakhosi, ndiye kulankhula satha, amangolemba pakabolodi. Kukhutu kwawo timawapana ndi kanthu konga pegi ya zovala, kamene kamayeza mpweya woipa m'magazi. Nesi amene amabwera kudzawaona anandiuza kuti nambala ikakwera, alamu n'kulira, ndiimbe foni msanga chifukwa munthu akhoza kugona osadzukanso.

Ndiyetu kapegiko kamatenthetsa khungu. Tsikulo ndinaona khutu la Baba lafiira, chisoni chinandigwira. Ndinati ndikayese kaye pa ine, ndimve ngati kakuwawotcha. Ndinakhala pampando pambali pa bedi n'kudzipana nako. Mayo, kufunda kwake! Kuwonjeza mpunga wa nkhosa umene ndinadya masanawo, ndi eyakoni ikuwomba, mukuganiza chinachitika n'chiyani? Tulo.

Ndinadzidzimuka ndi alamu. Kuyang'ana makina, nambala ili pamwamba! Osasuntha pampandopo, ndinakuwa, "Madamu! Yalla, yalla, fulumirani, Baba akupita!" Uku ndikuimbira nesi pa vidiyo, misozi chamchamcham.

Baba akumenya chitsulo cha bedi, akuloza khutu lawo, kenako akuloza ine. Ine ndikuti akutsanzika. Ndinawagwira dzanja, "Musatisiye Baba, limbani mtima!" Ayamba kufuna kabolodi kawo, ine ndakakankhira kutali kuti asatope. Madamu afika opanda nsapato, akulira, akuitana abale onse.

Nesi anandiyang'anitsitsa pafonipo. "Asiyatu, tatembenuka pang'ono. Chingwe icho chikuchokera kukhutu kwa ndani?"

Ndinagwira khutu. Amayi ine! Manyazi ake ndinalakalaka kulowa pansi pa bedi. Madamu anakhala pansi ali wefuwefu, ine ndikuona kale sutikesi yanga pa eyapoti. Titabwezera kapegi kwa mwini wake, nambala inali bwinobwino.

Apo Baba analandira kabolodi kaja, nalemba, mapewa akugwedezeka ndi kuseka kopanda mawu. Madamu anawerenga mokweza: "Musamuchotse ntchito. Amaliza mkonono kuposa makina anga, wodwala ndi iyeyu."

Mpaka nesi akuti ndipite ndikapimitse kapumidwe kanga ndikagona. Kuyambira tsikulo khutu la Baba likafiira ndimangosinthira kapegi ku linalo. Langali, khalas, zatha, ndi la ndolo basi.