A Makoko ndi Mabotolo a Viniga

Mumsewu mwathu, kutaya khoko la dzira pamaso pa a Makoko kunali kuputa nkhondo. Mkuluyu anakalambira kutsuka mabotolo mu labu ya pasukulu, ndipo atapuma ntchito anasamutsira labuyo pakhonde pake. Amayi tonse tinkawasungira makoko, koma mlamu wanga, mkazi wa achimwene, ankanyanya: kutsuka, kuyanika, kusinja, ngati akukonza chakudya cha khanda.

Achimwene anga atelala, amene makina awo anayang'anizana ndi khondelo, zinkawadya mumtima. Musawaseke, kwathu sitichita nsanje yopanda mutu. Zaka zonsezi mkazi wawo sanasekepo nthabwala yawo, koma a Makoko akangothira makoko mu viniga, thovu n'kuyamba kuwira popanda moto, mlamu ankaseka mpaka kugwira chipupa.

"Chaseketsa n'chiyani kumeneko?" ankafunsa achimwene.

"Akuti dzira likupuma, bambo."

"Nanga ine sindipuma?"

Thovu likatha, a Makoko ankasefa madziwo n'kuwayanika m'mbale mpaka kutsala ufa woyera. Dzina lake kashiamu asiteti, ndipo ankalitchula monyadira ngati la mwana wawo woyamba.

Tsiku lina anaitana achimwene kuti adzaone. Anasungunula ufa wambiri m'madzi ozizira, madzi ali mbee. Atawatenthetsa, ufa uja unayamba kuonekanso.

"Shuga amasungunuka bwino m'madzi otentha, koma uyu ayi," anatero a Makoko. "Akatenthedwa amadzipatula. Ngati inuyo, aneba."

Mlamu anagwa nacho chiseko. Masana amenewo achimwene anasoka thalauza la kasitomala n'kutseka mwendo umodzi.

Chinawatsiriza ndi moto. A Makoko anasakaniza madzi a ufawo ndi sipiliti, zinagwirana ngati mafuta odzola, anaziyatsa n'kuwiritsirapo tiyi. Mlamu anamwa makapu awiri, chonsecho kunyumba amati tiyi amamupweteketsa mutu.

"Zimenezi nanenso ndingathe!" analumbira achimwene. Pofuna kuposa mnzawo, sanavutike ndi makoko, anaviika mazira athunthu mu viniga. Patapita masiku, mazirawo anatuluka ali maliseche, ofewa, onjanja ngati mpira. Limodzi linawaphulikira pa suti ya mkwati. Mpaka lero amati viniga wake ndiye anali wabodza.

A Makoko anatisiya mwakachetechete, atakhala pampando wawo, botolo lili pambali. Fungo lowawasa la viniga linatha mumsewu. Zidzukulu zanga zimadutsa pakhondepo osatembenuka, ndipo makoko amatayidwa kudzala ngati zinyalala wamba.

Mlamu yekha sanaleke kutsuka ndi kusinja. Chitini cha makoko osinja chinadzaza, wokamupatsa palibe. Kuseka kunatheratu m'nyumba. Achimwene anayenera kukondwa, poti wopikisana naye anapita, koma ankangopalasa makina khutu lili kukhitchini, osamva kanthu.

M'mawa wina anavundikira makina, anatenga viniga, n'kukhuthulira chitini chonse m'botolo. Thovu linakwera, linasefukira patebulo, pansalu za anthu, mpaka m'nsapato zawo.

"Pang'onopang'ono, bambo! Malemu sankathira choncho!" anakuwa mlamu. Kenaka anagwira chipupa n'kuseka, misozi ili chuchuchu.

Achimwene, nsapato zili thovu lokhalokha, anasuzumira pawindo kuyang'ana khonde lopanda munthu lija.

"Aneba, mwamva?" ananong'ona. "Uku akuseka zanga."