Sabata Yosala Kankhuku

Lolemba

Ndayamba! Dzulo abusa analengeza sabata ya kusala, nati aliyense asale chimene chamugwira mtima. Ena nyama, ena tiyi. Ine ndinaimirira pamaso pa mpingo wathu wonse wa ku Chelstone kuno n'kulonjeza kuti ndisala kankhuku, ndipo Lamulungu ndidzapereka umboni.

Kankhukuko ndi kasewero ka pa intaneti. Umangotsegula tsamba, iko n'kuyamba kuthamanga mumsewu wosatha, iwe n'kumakalumphitsa ngalande ndi mawilibala mpaka katagundidwa. Kenako umayambiranso. Ndi komwe kanandiiwalitsa mwana kusukulu mwezi watha.

Akazi anga, amake Taonga, akuti: "Imwe? Simuzafika na pa Chitatu." Mawu amenewa andiwawa. Aona!

Lero sindinakakhudze. Chala chikungodumpha chokha pa desiki, koma mtima uli nji.

Lachiwiri

Nzeru zandibwerera. Osala chakudya amamasula dzuwa likalowa. Nanga ine ndine wochimwa kuposa iwo? Litangolowa ndamasula, pang'ono pokha, kuseri kwa nyumba ngati ndikuyendera thanki ya madzi. Kankhuku kandisowa, kakuthamanga ngati kaona mpeni. Tsiku lachiwiri latheka bwinobwino!

Lachitatu

Minibasi yaima pa Great East Road, osasuntha. Kondakitala akukangana ndi mayi wa thumba la makala. Ndakumbukira kuti munthu wa paulendo sasala. Kumene ndinazimva ndaiwala, koma ndi zomveka.

Bambo wa tayi pampando wathu wasuzumira pafoni yanga: "Boss, jumpani! Jumpani! Ah, mwafa." Ndafadi, koma nditafika kutali.

Lachitatu ndi lino, amake Taonga. Ndafika kapena sindinafike?

Lachinayi

Mayesero ku ofesi. Ba Mulenga a ku akaunti akuyenda desiki ndi desiki kuonetsa foni. Kankhuku kawo kawoloka mlatho umene kanga sikanaufikepo. Pa ine aima nthawi yaitali, n'kundiseka: "Muli shani, ba pastor? Tamvela ati nkuku yanu ili pa leave."

Ololedwa kusasala tsopano:
apaulendo,
odwala (mutu ukundiwawa ndithu),
onyozedwa pagulu.

Mlathowo sindinawoloke, koma ndauona ndi maso angawa. Ba Mulenga ayambe kunjenjemera.

Lachisanu

Kusala kwenikweni n'kwa mumtima. Chala ndi chala basi.

Pa kompyuta ya ku ofesi msewu ukuoneka wonse, malole ukuwaonera patali. Lipoti la abwana lidikire Lolemba, silithawa. Nkhomaliro ndaiwala kudya, ndiye kuti lero ndasala kuposa mmene abusa anapempha. Ndani wina mumpingo wachita zimenezi?

Loweruka

Amake Taonga akuchapa panja. Ndadzitsekera kuchipinda, ndagwada pambali pa bedi, foni pa matiresi, kuti wosuzumira pawindo angoona msana.

Ngalande. Wilibala. Lole. Lole ina pambuyo pake. Mlatho uwo! Mpweya ndaugwira, chala chikuchita zake, ndipo kankhuku kali tsidya lina!

Ndakuwa mpaka galu wa aneba wauwa: "Ndawoloka! Mdani wagwa!" Misozi ndithu, sindinama. Chithunzi ndatumiza kale kwa ba Mulenga.

Potuluka ndapeza amake Taonga pakhomo ndi beseni. Andiyang'ana maondo, andiyang'ana thumba la buluku. "Mwapempela maningi lelo," akutero, uku akumwetulira. Sanaone kanthu. Mawa ndikangoti Ambuye ndi wabwino, n'kukhala pansi, dzina langa lili loyera. Sabata yabwino ngati iyi sindinaionepo!

Lamulungu

Kuguwa sindinafikeko n'komwe. Nthawi ya umboni itakwana, ndikukonza jekete, amake Taonga andipitirira, maikolofoni ili kale m'manja.

"Mpingo, amuna anga asintha! Zulo nawapeza pa maondo, balila, bakuwa ati nawoloka. Muntu wa so afunika nchito mu nyumba ya Mulungu."

M'manja, nthungululu, ng'oma. Abusa andikumbatira mpaka nthiti kuwawa. Pomwepo andiika m'gulu la opembedzera: madzulo alionse tikaweruka, ndi Loweruka lonse kuphiri la mapemphero. Mafoni amasiyidwa m'basiketi ya amayi abusa.

Ndikanatani? Ndilande maikolofoni, ndiuze anthu kuti amene anawoloka ndi nkhuku? Ndangoti ameni, mawu ake aang'ono.

Pobwerera amake Taonga akuimba njira yonse. Pageti anditambasulira dzanja.

"Bweletsani foni, atate ake Taonga. Muyambe kuzolowela."

Ndapereka.