Maliro Amene Anakana pa Msewu wa Chikomeni

Amene waseka aimirire ndimuone nkhope. Iwe wa sipanala zonyezimira, iwe wobadwa dzulodzuloli, ukuti ine sindidziwa kusintha fyuluta ya dizilo chifukwa manja akunjenjemera? Manja awa anasintha fyuluta pakati pa thengo, mvula ili pamsana, mtembo uli kumbuyo, ndipo ngati ndikunama mphezi indipeze pompano ndisanameze malovu. Khalani pansi nonse, mutseke pakamwa.

Chinali chaka chotsatana ndi njala ya chimanga chachikasu ija, mvula itabwerera ndi ukali wake wonse. Ine ndinkayendetsa lole yakale yonyamula fodya ndi mtedza pano pa Lundazi. Ndiye kunamwalira mlamu wanga Gibisoni, mwamuna wa mlongo wanga Esinati, chidakwa chotheratu, munthu amene anagulitsa mbuzi ya mkazi wake kuti akamwere kachasu, amene dzanja lake linkadziwa tsaya la mlongo wanga kuposa mpini wa khasu. Mulungu andikhululukire, sindinagwetse msozi. Koma mlamu ndi mlamu, ndinakweza bokosi lake pa lole pamodzi ndi abale ake ndi amayi a nyimbo a kutchalitchi, ulendo wa kwawo, kuseri kwa Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi.

Titadutsa Chikomeni cha kumasana, injini inayamba kutsokomola, inatsokomolanso, kenako zii. Inu ana a m'tauni simudziwa, koma kwathu kuno galimoto ya maliro ikaima panjira anthu sayang'ana injini, amayang'anana okhaokha. Amati malemu akukana, pakati pa okwera pali amene anamudya. Nyimbo inadukira pakati, ndipo maso onse anagwera pa Esinati.

A Yotamu, mkulu wake wa malemu, anatsika ndi ndodo yawo nandigwira paphewa.

"Mulamu, siyani visulo. Iyi si injini, ni munthu akana. Uyu mukazi atsike, abwelele kwao na mendo. Bana ni bathu, ng'ombe tinapeleka."

Mukumva? Anamutsitsa mlongo wanga m'matope, namulanda mwana woyamwa kumsana, ana ena awiri akulira pamwamba pa lole. Ndipo mkazi amene watsitsidwa pa galimoto ya maliro a mwamuna wake, dzina lake ndi mfiti mpaka kumanda, ana ake sadzawaonanso ngakhale patali. Mtima unandiwira mpaka madontho a mvula ogwera pamutu panga ankasanduka nthunzi asanafike patsitsi.

Ndinatsegula boneti. Pansi pa fyuluta pamakhala kabotolo kagalasi kaja, kamene ntchito yake ndi kugwetsa madzi pansi kuti dizilo adutse yekha. Kangako kanali mbuu ngati mkaka, chifukwa dizilo ameneyo ndinagula kwa munthu wa migolo kumsika, wakuba wosaopa Mulungu amene ankasiya migolo yake yasaa pansi pa denga lodontha. Ndinamasula kabawuti kapansi ndi chikhadabo ichi, ndikuti atuluke madzi a kapu imodzi, koma anatuluka madzi, natuluka, natulukabe, anadzaza ngalande, anadula msewu, anakokolola chulu, mpaka amayi a nyimbo anakweza miyendo pamwamba pa bokosi, ndipo pakabowo kochepa ngati mphuno ya khanda panatuluka achule, panatuluka nkhanu, pomaliza panatuluka mlamba wonenepa ngati ntchafu yangayi, unandiyang'ana, nundimenya ndi mchira, nupita. Kamtsinje kameneko kalipo mpaka lero, anthu analima madimba m'mbali mwake, pitani mukadye kabichi wake, mudzamva kafungo ka dizilo.

Njovu za ku Lukusuzi zitamva phokoso la madzi zinabwera kudzamwa, amuna onse anabisala pansi pa lole, a Yotamu patsogolo. Ine ndinalibe nthawi ya mantha. Kachitsulo kochirikiza boneti kanali kothyoka, ndiye ndinakalipira yaikulu ya minyanga kuti usangoima pamenepo ngati mlendo, gwira apa, ndipo inagwira boneti ndi chitamba mpaka ndinamaliza ntchito. Iwe ukupukusa mutu, unalipo?

Tsono fyuluta yakale. Inali itamera dzimbiri, yosamasulidwa chichokereni azungu, ndipo sipanala yake ndinalibe. Ndinavula lamba wa buluku, ndinamukulunga pafyuluta, ndinakoka kamodzi, fyuluta sinatembenuke koma lole yonse ndi imene inatembenuka, bokosi ndi anamfedwa omwe, niyang'ana ku Lundazi kumene tinachokera, ndinakoka kachiwiri niyang'ananso ku Lukusuzi, kachitatu ndinaponda tayala ndi phazi ili kuti isasunthe, ndinaluma fyuluta ndi mano ndi kupotoza khosi, ndipo inamasuka ndi kulira kumene kunamveka ku Chipata. Dzino ili palibe apa, mukuganiza kuti linapita ndi nzimbe? Matope amene ndinakhuthula m'kati mwake munthu wina anaumbira njerwa za nyumba ya zipinda ziwiri.

Fyuluta yatsopano ndinali nayo pansi pa mpando, koma inali ya thirakitala, yaikulu ngati mtondo. Ndinaipana m'khwapa ndi kuifinya mpaka inafika pa saizi. Kalabala kozungulira kotseka pakamwa pake panalibe, ndiye ndinatenga mpeni ndi kudula chikopa cha chidendene changa, chimene chinalimba ndi minga ya m'misewu ya kuno, ndinachipaka dizilo nichikhala ngati cha kufakitale. Ndinasefa dizilo woyera ndi duku la mayi wotsogolera nyimbo, ndinadzaza fyuluta mpaka pakamwa, ndinaimanga ndi dzanja lokha, chifukwa womanga fyuluta ndi chitsulo ndi chitsiru, mumve zimenezo inu a sipanala zonyezimira. Kunatsala kuchotsa mpweya m'mapaipi, ndipo kapampu kamanja kanali kakufa, ndiye ndinaika paipi m'kamwa ndi kukoka mpweya umodzi wokha, thanki inaphwa ngati mimba ya wanjala, ndinauziramo nibwerera m'malo mwake, ndipo mpweya woipa umene ndinalavulira kumbali unagwetsa mtengo wa msuku ndi zipatso zake zomwe.

Pamenepo ndinadziwa kuti injini yachira. Koma ndinaona mlongo wanga ali chiimire m'matope, mkaka ukunyowetsa bulauzi, ndipo ndinadziwanso kuti ndikailiza tsopano iye ali pansi, a Yotamu adzati mwaona, mfiti yatsika, malemu avomera. Ntchito yanga yonseyo ikanakhala chingwe chomangira mlongo wanga.

Malole akale aja ankakhala ndi kachitsulo kozimitsira injini pafupi ndi bondo la dalaivala. Ukakakoka, dizilo sapita, ngakhale upemphere. Ndinakwera, ndinakakoka mwakachetechete, ndinaika chipewa pabondo.

"A Yotamu, mukazi watsika. Tiyeni tione ngati mung'ono wanu ayenda."

Ndinapotoza kiyi. Injini inabuula, zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu ndinapotoza mpaka batire inapempha madzi akumwa. A Yotamu anayamba kukanda m'mutu, ndipo ine ndinawauza mokweza kuti onse amve.

"Mwina akana cifukwa mwamusiyila mukazi wake mu matope. Mukwezeni tione."

Anaseka, ena anatukwana, koma mvula inali itawakwana, ndipo anamukweza. Esinati anakhala kumutu kwa bokosi naika dzanja pa thabwa. Ine ndinakankha kachitsulo kaja ndi bondo, ndinangokhudza kiyi, ndipo injini inabangula, utsi unaphimba thambo, njovu zinathawa osatsanzika. Amayi anayamba nyimbo ina misozi ili chuchuchu. A Yotamu anavula chipewa, anatenga khanda ndi manja awo, nagwada m'matope a m'lole pamaso pa Esinati.

"Amama, tikhululukileni. Mwamuna wanu akana kuyenda kopanda imwe."

Ana onse atatu anakulira m'manja mwa mayi wawo, palibe anawakhudza. Ndiye mukuti nanga ukali wanga ndi wa chiyani? Pitani kwa Chikomeni lero mukamve. Gibisoni, chidakwa chija, chigawenga chija, ndiye chitsanzo cha chikondi kumeneko, alangizi amatchula dzina lake pa maukwati, akuti kondani akazi anu ngati uja anaimitsa lole ali m'bokosi. Ine amene ndinataya dzino ndi chidendene palibe amanditchula.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chimanditentha ndi Esinati. Anamufunsira mphunzitsi wina wofatsa, wosamwa, wamasiye ngati iye, anakana. Anabwera mlimi wa fodya wa nyumba ya malata, anakana. Chaka ndi chaka amakwera basi ndi tsache lake kukasesa manda a munthu amene anamugulula mano awiri, ndipo akabwerako amakhala pakhonde panga nandiuza ndi maso owala.

"Adumbu, anali kunikonda uja. Cabe sanali kudziwa kukamba."

Ndimangoti inde, mlongo wanga, ndi kumeza malovu owawa. Pa moyo wanga wonse ndinanama bodza limodzi lokha, ndinanama ndi bondo, ndipo mlongo wanga wakalamba nalo yekha m'nyumba. Amene adzamuuze mwa inu, adzandidziwa.