Masamu Amene Anametetsa Limbani Mpala

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma popeza mwini mutu anandikhululukira, lekani ndiulule ndekha ena asanaithire mchere.

Inali nthawi ya Korona, malo ometera onse ali otseka. Tinkakhala atatu m'chipinda chimodzi ku International City, m'dziko lakutali komwe tinapita kukagwira ntchito: ine, Limbani (mlonda wa pahotela, mnyamata wofatsa wa ku Ntcheu), ndi a Zulu, bambo wachikulire wa ku Chipata amene ankagwira ntchito ya magetsi. Tsitsi linatikulira tonse, koma amene linkamudetsa nkhawa anali Limbani. Loweruka limenelo anayenera kuonekera kwa makolo a Tadala, chibwenzi chake cha kumudzi. Ndege zinali zitaima, choncho ankhoswe anagwirizana zoti aonekere pavidiyo ya pafoni.

Ine ndinali ndi makina ometera. Anandipatsa bwana wina amene ndinkamutsukira dziwe losambira ku Al Furjan, pobwerera kwawo ku Amereka. Loweruka m'mawa, a Zulu atapita kuntchito, ndinawatulutsa m'chikwama.

"Achimwene, munayamba mwawayesapo?" anafunsa Limbani.

"Ayi, koma ndi akunja amenewa," ndinatero (ngati kuti ifeyo tinali pa Lizulu).

Pulagi yake inakana kulowa pakhoma. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapisa m'bokosi la a Zulu n'kupeza kolumikizira. Pamenepo Limbani anatembenuza makinawo n'kuwerenga timalemba tapansi.

"Alemba mavoloti 110, maampu 0.1. Kodi magetsi a kuno si 220?"

Apa mpamene sukulu inandibwerera molakwika. Sayansi ndinaisiyira Folomu 2, koma ndinakumbukira kuti mphamvu imene chipangizo chimadya timaipeza pochulukitsa mavoloti ndi maampu. Ndinatenga cholembera n'kulemba pachikatoni cha madzi. 110 kuchulukitsa ndi 0.1, mawati 11. Kenako 220 kuchulukitsa ndi 0.1, mawati 22.

"Waona? Mphamvu ingowirikiza kawiri basi. Ndiye kuti timaliza msanga."

"Inu ndinu ophunzira," anatero, n'kukhala pandowa titaivundikira. Ndinamufunditsa thaulo.

Makinawo anayamba ndi ukali ngati njinga yamoto ya kabaza. Ndinadutsitsa kamodzi kuchokera pachipumi mpaka pankhongo, panatseguka msewu wabwino ndithu. Ndinadutsitsanso cha kukhutu lamanzere. M'manja munayamba kutentha.

"Achimwene, kukununkha chinachake."

"Ndi mafuta a makina," ndinanama.

"Komanso akuotcha."

Asanamalize bwino, makinawo analira ngati nkhuku yotsamwa, anatulutsa kautsi, zii. Ndinawagwedeza, ndinawauzira mpweya, ndinawamenya pantchafu. Limbani anapempha kalilole, ine ndinati dikira kaye. Anadzijambula pafoni yake. Anayang'ana chithunzicho n'kuika foniyo pansi osanditukwana. Kumanja kunali nkhalango, kumanzere dimba lolima theka, pakati msewu. Panatsala maola atatu kuti apongozi aimbe.

Ndinayesa kukonza ndi sizasi ya kukhitchini. Ndingoti zinaipiraipira.

Masana a Zulu analowa, anavula chophimba pakamwa, ananunkhiza m'mwamba, kenako anaona mutu uja. Sanaseke (anadikira mpaka mawa lake). Anatola chikatoni chija n'kuwerenga masamu anga.

"Mwana wanga, njira unaidziwa, koma unasochera pa mphambano," anatero. "Unaganiza kuti maampu akhala omwewo. Chimene sichisintha ni waya wa m'kati mwa makina, mmene umakanira magetsi kudutsa. Timati rezisitansi. Gawa 110 na 0.1."

"1,100."

"Maomu amenewo, muyeso wa rezisitansi. Manje gawa 220 na 1,100."

"0.2," ndinayankha motsitsa mawu.

"Waona, maampu nawonso awirikiza. Chulukitsa na 220."

Anali mawati 44. Makina opangidwira 11 ndinawadyetsa kanayi, pamutu pa mwana wa eni.

"Khalas, zatha basi, afa amenewa," anatero a Zulu. Anatenga lezala watsopano ndi sopo, n'kumumeta Limbani mpala mosamala ngati mwana wawo, akumuuza kuti ngakhale iwo anakwatira ali ndi dazi.

Foni inalira nthawi yake. Ife awiri tinabisala kuseri kwa bedi. Titamva malonje, mayi a Tadala anadula mawu ankhoswe.

"Pepani, tisanapitirire. Mwameta chonchi, kwagwa zovuta kwanu? Matendawa atenga ndani?"

Limbani anayesa kufotokoza, koma sanamumvere. Mayi aja anayamba kale kupukuta misozi ndi nsalu. A Zulu anandikankha ndi chigongono. Ndinatuluka, ndinagwada kutsogolo kwa foni, makina opserera ali m'manja.

"Mayi, kulibe maliro. Amene wafa ndi uyu, ndipo wamupha ndi ine."

Ndinafotokoza zonse, ndi masamu omwe. Foni ya kumudzi inayamba kugwedezeka, tinkangoona denga ndi nthambi za mango. Amene anaigwira anali atatha nazo kuseka. Itakhazikika, bambo a Tadala anati munthu amene mnzake angamuwononge mutu tsiku lotere, iye osakweza mawu, akhoza kusunga mwana wawo. Tadala anangoti sankadziwa kuti Limbani ali ndi makutu aakulu chonchija.

Anakwatirana ndege zitayambanso kuuluka. Ine masamu aja ndinawagwira, mutandidzutsa kutulo ndikhoza kukuuzani kuti mavoloti akawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Chimene sindinaphunzire n'kunena kuti "sindikudziwa." Sabata yatha mnzathu wina anafunsa ngati pali amene amatha kukonza firiji, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuyankha ndisanapalole.