Malupanga a Pasaka Onunkha Masese

Anzanga, mukandiona ndikulambalala katoni pamsewu ngati ndaona njoka, musamati ukalamba wandisokoneza mutu. Katoni ine ndili nayo chifukwa. Inandilanda chaka chathunthu.

Zinali m'zaka za m'ma eyite, tikuchita lendi chipinda chimodzi ku Zengeza 1, ine, mkazi wanga Nabanda ndi khanda lathu Chisomo. Ndinkagwira ntchito pafakitale ya mapaipi achitsulo ku Harare. Tsono ndisakubisireni, mowa ndinaumwa, zaka khumi ndi ziwiri, mpaka mpingo wathu wa Amalawi unatopa nane n'kundidula. Ukadulidwa sudya mgonero, ndipo mwana wako sabatizidwa kufikira atakubweza. Pamwanapo ndi pamene panandipweteka. Anzake obadwa nawo mwezi umodzi anali atabatizidwa kale, wanga akungoyang'anira pamsana pa mayi ake. Ndiye mowa ndinausiya, osati mwachiphamaso ayi, chaka chonse osalawa ndi dontho lomwe. Akulu ampingo anati Lamulungu la Pasaka andibweza, Chisomo n'kubatizidwa tsiku lomwelo. Nabanda anali atasoka kale kadiresi koyera, akukasunga pansi pa pilo.

Kunatsala masabata awiri okha. Munthu wanzeru akanangokhala phee pabenchi yakumbuyo n'kumawerenga masiku, si choncho? Koma ine ayi, ndinafuna aliyense aone kuti ndasinthadi. A Mbewe, mkulu wampingo amene ankayendetsa nkhani yangayo, atalengeza kuti sewero la Lachisanu Loyera likusowa malupanga asanu ndi limodzi a asilikali achiroma, dzanja langa linali m'mwamba iwo asanatseke n'pakamwa pomwe.

"Mutha inu a Phiri?" anandifunsa.

"Siyirani ine, atsogoleri. Mudzayesa ogula kusitolo."

"Chabwino. Ndiye mukhalenso mkulu wa asilikaliwo."

Ndinatuluka m'menemo chifuwa chili patsogolo. Akulu sananame kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mmene ndinkaganizira, katoni ndi chinthu chongotola. Ha! Ndinazungulira magolosale onse a ku Zengeza, paliponse yankho limodzi: "Aiwa achimwene, hapana, apera," ati kulibe, anatha. Amayi ogulitsa tomato anali atasesa onse, otsala ake ofewa ngati masamba a nkhwani. Sabata inatha ndilibe ndi lupanga limodzi lomwe, tulo osabwera.

Ndi pamene ndinakumbukira a Zuze, mnzanga wa ku Mozambiki amene ankasesa kubhawa ya ku Unit K, nyumba ya mowa imene kale ndinkaidziwa kuposa kwathu. Kumeneko makatoni onyamulira mapaketi a masese ankangounjikidwa kuseri, olimba ngati thabwa. Ndinadziuza kuti Unit K ndi kutali, palibe wampingo angandione, komanso katoni yopanda kanthu ndi tchimo ngati? Ndinalowera kuchipata chakumbuyo, chipewa ndatsitsira m'maso ngati mbava.

"Shamwari, bwenzi langa, mwabwerera!" anakuwa a Zuze, chikho chili kale m'manja. "Tsukani kukhosi kaye."

Ndinakana, anzanga. Mundimvetse bwino pamenepa, ndinakana, dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kuli gwaa, thovu likundiyang'ana. Chigonjetso chachikulu cha moyo wanga, mboni yake a Zuze okha, munthu woti mawu ake kumpingo sangagule ndi mchere womwe. Anandimangira makatoni asanu n'kundiwonjezera timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a fodya, ati malupanga aziwala.

Ntchito yokha ndinaigwira, asandinamize munthu. Lupanga lililonse ndinalidula ndi lezala zidutswa zitatu, n'kuzimata pamodzi ndi phala la fulawa. Pakatonipo panali chithunzi cha bambo wina akukweza chikho chosefukira thovu, akuseka mano onse pamtunda, ndiye ine mwa nzeru zanga mbali yachithunziyo ndinkaimatira m'kati. Zogwirira ndinakulunga ndi malegeni, konsekonse n'kumata timapepala tonyezimira tija. Dyera litandikwera ndinadzipangiranso chapachifuwa cha mkulu wa asilikali, katoni yathunthu, chithunzi chake n'kuchipaka laimu kawiri.

Nabanda ankangondiyang'ana akuyamwitsa mwana.

"Bambo a Chisomo, zinthu zanuzi zikununkha."

"Zikauma zisiya."

"Bwanji osangokawauza a Mbewe kumene mwazitenga? Kutola katoni si mlandu."

"Iwe, za amuna zisiye."

Zitauma fungo linasiyadi, ine n'kumamuseka. Lachinayi poyeserera sewero, a Mbewe anatenga lupanga limodzi, kulitembenuza uku ndi uku, kuligogoda ndi chala.

"Koma a Phiri muli ndi luso! Makatoni olimba chonchi mwawapeza kuti?"

Apa ndi pamene Mulungu anandipatsa mpata womaliza. Ndikanangoti kubhawa, koma sindinamwe, akanandidzudzula pang'ono basi. Koma lilime, lilime! Ndinangodzimva ndikuti, "Kuntchito, atsogoleri." Kufakitale ya mapaipi, komwe chiyambire sindinaoneko katoni.

Lachisanu linafika. Sewero linali pabwalo kuseri kwa sukulu imene tinkapemphererako, anthu ochokera mpaka ku Seke atadzaza, ndi aneba achishona omwe. Ife asilikali tinabisala kuseri kwa mpanda wa maluwa, kudikira kuti wosewera Yesu amalize kupemphera m'munda kuti tikamugwire. Tsono munthu anamusankhayo anali mlaliki, ndipo mlaliki ukamupatsa khamu sadziwa ameni. Pemphero lili m'kati, kumwamba kunada. Mvula yomalizira ya chaka, imene palibe anaiitana, inangoti khuthu! Anthu anafunyulula maambulera osasuntha, ati Ambuye anapirira zoposa izi. Mlaliki uja ndiye anachita ngati mvulayo yamuthira mafuta. Ife kuseri kuja tikungonyowa, ine ndikuyesa kubisa malupanga kukhwapa, madzi akutsikira m'khosi.

Yudasi atapereka chizindikiro ndinatulukira patsogolo pa anyamata anga, ndikuponda mwamphamvu monga tinayeserera. Ndinakweza lupanga m'mwamba kuti ndikuwe mawu anga, lupanga lija n'kungoti lende, kuwerama ngati khosi la nkhuku yachitopa. Ana anayamba kuseka. Ndinaligwedeza kuti liwongoke, ndipo kumeneko ndiye kunali kulakwitsa, chifukwa phala lija linali litasungunuka. Lupanga linasendeka patatu ngati nthochi, bambo wachikho uja n'kutulukira, akusekerera mpingo wonse. Kucheuka kumbuyo, asilikali anga asanu aliyense wanyamula bambo wakewake.

Mwamsanga ndinabisa langa kumbuyo, osadziwa kuti laimu wa pachifuwa wayenderera kale mpaka m'mawondo. Ndinaima pamenepo, munthu wodulidwa chifukwa cha mowa, kutatsala masiku awiri kuti andibweze, pachifuwa panga pali chikho cha masese chachikulu ngati ndowa. Ndiye fungo! Inu simudziwa zimene madzi amachita ndi katoni imene yamwa masese kwa miyezi. Fungo lonse lija linauka kwa akufa Lamulungu lisanafike.

Nanga ndikanatani? Ndinati ndithawire kuseri kwa mpanda. Phazi linaponda chiphala cha fulawa chimene chinagwa pamatope, miyendo m'mwamba, n'kutsetsereka chagada mpaka pabenchi yakutsogolo, pamapazi enieni pa a Mbewe. Ndinayesa kudzuka, ndinagwanso. Mayi wina wachishona anakuwa kumbuyo, "Maiwe, murume uyu adhakwa!" ndipo panalibe wofuna womasulira kuti adziwe kuti akuti ndaledzera. A Mbewe anawerama pang'onopang'ono, nandinunkhiza kamodzi kokha, n'kuweramuka. Nditayang'ana kwa amayi, ndinaona Nabanda akumangitsa mwana kumsana, akutuluka pabwalo osacheuka.

Loweruka anandiitana kubwalo la akulu ampingo.

"A Phiri, munamwa?"

"Sindinamwe, atsogoleri, Mulungu ndi mboni."

"Kubhawa munapita?"

"Ndinapita, koma kukatenga makatoni okha."

"Nanga Lachinayi munatiuza kuti mwawatenga kuti?"

"Kuntchito."

"Mwaonatu," anatero a Mbewe mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandipha. "Munthu wonama pa katoni, tingamukhulupirire bwanji pa chikho? Muyambirenso. Chaka china."

Chaka china! Ndipo pa anthu amene anagwedezera mitu kuvomereza chilangocho, awiri ndinkawadziwa bwino, tinkakhalira benchi imodzi ku Unit K komweko, iwo ochenjera kutafuna masamba a bulugama pobwerera. Ndinafuna kuwatchula maina, koma ndi pakamwa pati, ponunkha bodza kale?

Lamulungu la Pasaka ana asanu ndi awiri anabatizidwa ine ndili pabenchi yakumbuyo. Nabanda sanalire, sanakalipe, bola akanakalipa. Madzulo anangotulutsa kadiresi kaja pansi pa pilo n'kukapereka kwa mnzake amene anali ndi pakati.

"Chaka chamawa sikadzamukwana," anatero. "Kapena mumusokere ka katoni, poti luso muli nalo."

Chisomo anabatizidwa Pasaka yotsatira akuyenda ndi miyendo yake, mano ali mbee, ndipo abusa atamuthira madzi anawakankha dzanja n'kukuwa kuti "Handidi!" tchalitchi chonse kumva kuti sakufuna. Anthu anaseka, wina kumbuyo n'kunong'ona mokweza kuti mwana wa Phiri madzi sawakonda, watengera bambo ake. Chaka chimenecho osewera anagwiritsa malupanga a matabwa, Petulo n'kung'ambadi khutu la mnzake mpaka kukasokedwa kukiliniki. Magazi enieni, anzanga, koma palibe anadulidwa.

Ndiye muziona. Mowa ndinaumwa zaka khumi ndi ziwiri, chilango chake chaka chimodzi, ndipo pamenepo sindidandaula, kukoma ndinakumva. Koma chaka chachiwirichi ndinachigwirira katoni yopanda kanthu, chikho chojambula, osalawako ndi thovu lomwe. Chichokereni tsiku limenelo, akalengeza kutchalitchi kuti pakufunika wodzipereka, manja anga ndimawakhalira. Ndipo posamuka ku Zengeza katundu yense ndinamangira m'masaka ndi m'zitenje, mbale zinayi n'kusweka panjira, Nabanda akulalata. Ndinati zisweke, mayi, bola mbale. Katoni m'nyumba mwanga idzalowa ine nditatuluka ndi miyendo kutsogolo.