Katundu wa Anthu m'Boti la Nkhondo

LOLEMBA

Laponda la mphawi lero!

Kampani imene ndikuphunzirako ntchito kuno ku Industrial Area, mu Nairobi, imaumba matanki a madzi. Matanki basi, akuda, obiriwira, aakulu, aang'ono. Koma kuseri kwa shedi kuli chinthu chofunditsidwa lona, chimene bwana wathu a Mwangi amachikonda kuposa ana awo: boti la nkhondo. Lotuwa, lalitali ngati basi, injini ziwiri, kutsogolo kuli chitsulo choikapo mfuti, ngakhale mfuti yake palibe. Analipanga kuti apikisane nalo pa tenda ya maboti olondera m'nyanja. Tenda inagwera ena, ndipo botilo latha zaka ziwiri pangolo yake, madzi amene lalawako ndi a mvula okha.

M'mawa uno andiitanira mu ofesi. Akuti amva kuti kwathu kuli nyanja yaikulu. Akuti msika wa muno watsekeka, tsogolo ndi kugulitsa kunja. Kenako: "Bring me one letter from Malawi, kazi ni yako."

Kalata imodzi yokha yoti akuluakulu a kwathu akulifuna botilo, ntchito ndi yanga, ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno chomwe! Atachimenti yanga ikutha Lachisanu, chiphaso cha sukulu chikutha kumapeto a mwezi. Ntchito ikapanda kupezeka ndiye kuti ndikakhala pakhonde pa amayi ku Balaka, dipuloma ya zogulagula ili m'sutikesi.

Ndawauza kuti amalume anga ndi a nevi. Si bodza ayi. Anagwira zaka zambiri kwa asilikali a pamadzi, chithunzi chawo atavala yunifolomu chili pabalaza pathu.

Zochita:
1. Kuimbira amalume.
2. Kuloweza liwiro la botilo, kulemera kwake, ndi mafuta amene limamwa pa ola.
3. Kugula jekete yoyenera mayi wogulitsa zankhondo.
4. Kusauza munthu aliyense mpaka zitatheka.

LACHIWIRI

Amalume avomera! Foni ikudukaduka koma ndamva bwinobwino: "Mphwanga, zazing'ono zimenezo. Palibe mkulu kumene kuja amene sakundidziwa ine. Kalata ifika."

Ndavina m'chimbudzi cha kuntchito.

Jekete ndagula pamsika wa kaunjika wa Gikomba, ya bulu, mabatani achikasu. Wanjiru, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi ku Buruburu, akuti ndikuoneka ngati kondakitala wa basi za kutali. Nsanje.

Nambala 4 yafa madzulo ano. Ndinapita ku kwaya ya Amalawi kutchalitchi kwathu. Titapuma, Mayi Chirwa, apampando a amayi, andiyang'ana ndi maso a chisoni aja, n'kufunsa pagulu: "Nanga mwanawe, sukulu yatha, uona bwanji tsopano?" Chisoni chimenecho ndi chimene chandipsetsa mtima. Pakamwa pangotseguka pokha. Ndanena kuti ndikutumiza boti la nkhondo ku Malawi. Sindinanene kuti ndikufuna kutumiza. Ndanena kuti ndikutumiza.

Mafunso ndiye ayi ndithu. Liyenda bwanji poti kuno kulibe nyanja? Pa lole, ndayankha, kudzera ku Namanga, Tanzania yonse mpaka ku Songwe. Liti? Posachedwapa. Kenako a Kachingwe, bambo oyendetsa galimoto ku bungwe lina lothandiza anthu, amene salankhulalankhula, afunsa motsitsa mawu: "Ndiye mkati mwakemo mukhala chiyani?"

"Mulibe kanthu," ndatero ine monyada. "Lipita lopanda kanthu."

Onse akungoyang'anana. Ulemu wotere sindinauonepo chibwerereni ku Nairobi!

LACHITATU

Sikisi koloko m'mawa, kugogoda. Mayi Chirwa, chitenje chili m'chiuno, kumbuyo kwawo kuli wa bodaboda, kabaza wa kuno, atasenza chikwama chachikulu cha mizeremizere chija. "Kakatundu kakang'ono mwanawe, kopita kwa achemwali anga ku Kasungu. Poti bwato likupita lopanda kanthu."

Ndikanatani ine? Mayi amenewa anandisunga kwawo masabata atatu pamene ndinadwala taifodi, ankandimwetsa phala ndi sipuni. Munthu wotere sumuuza kuti pepani amayi, kontirakiti sinasainidwe. Ndangoti, "Zikomo, ikani apo."

Kuntchito zinthu zikukoma. A Mwangi andionetsa mapepala ofunika pogulitsa chida cha nkhondo kunja: chilolezo chotulutsira m'dziko, chikalata cha wogula cholumbira kuti sadzagulitsanso kwa zigawenga, mgwirizano wa zipangizo zosinthira kwa zaka zisanu. Akuti Malawi ikagula limodzi, maiko ena onse a nyanja atsatira, tidzasiya matanki. Akuti ofesi yanga idzakhala ndi zenera. Zenera! Ndayeseza kale kusaina dzina langa mopendeketsa.

Pobwerera ndapeza Wanjiru ali panja, manja m'chiuno. Mkati mwafika:
matiresi awiri
mbaula zitatu za makala
masefuliya omangidwa pamodzi ngati ana obadwa tsiku limodzi
katoni ya tiyi
kiyibodi ya abusa yopita ku Dedza
njinga ya mwana
diresi ya ukwati, yolembedwa kuti ISAPINDIDWE
belo ya nsapato za kaunjika

Chilichonse chamatidwa tepi, palembedwa dzina, boma ndi nambala ya foni. Ena mwa eni ake sindikuwadziwa n'komwe. Nkhani yafika mpaka kwa ana a sukulu Achisilamu a ku yunivesite, nawonso atumiza katoni yawo ndi moni.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu wa zamalonda a pakati pa maiko ayenera kupirira. Ndigona chopinda miyendo.

LACHINAYI

A Kachingwe abwera ndi pikapu. Atsika, avula chipewa, akuyankhula maso ali pansi. Chimene abweretsa ndi mwala wa chiliza cha amayi awo, amene anamwalira chaka chatha iwo ali kuno, osapita kumaliro. Wakuda, wonyezimira, dzina lolembedwa ndi golide. Wakhala miyezi isanu kuseri kwa chitseko chawo chifukwa mabasi amaukana kulemera. "Mulungu wayankha kudzera mwa inu, achemwali."

Ndinali nditakonza mawu okana usiku wonse. Athawa onse. Ndawathandiza kutsitsa.

Wanjiru wauona mwalawo, wakuwa: "Kaburi kwa nyumba? Hapana!" Akuti manda atuluke kapena nditulukemo ndine.

Ndiye nzeru yandibwerera, ndipo ndikunena pano kuti ndi nzeru yabwino: katundu wa m'boti apite m'boti! Likungokhala, lofunda lona, a Mwangi amalisisita kunja kokha. Pa nthawi ya nkhomaliro a Kachingwe atuta zonse maulendo awiri. Mlonda wathu, Mzee Otieno, watitsegulira geti la kumbuyo, akuti hakuna shida, palibe vuto. Zonse zalowa bwinobwino! Matiresi m'chipinda cha asilikali, masefuliya mosungira zipolopolo, diresi yapachikidwa pachiwongolero. Mwala tauimika pampando wa kapiteni, taumanga lamba kuti usagwe. Botili ndi lotakasuka bwanji, ndiyenera kulemba zimenezi mu kabuku kotsatsira malonda.

Madzulo kalata ya amalume yafika pa WhatsApp. Ndaitsegula msangamsanga.

Pepala la m'kope. Yolemba pamanja. Chidindo chake n'cha kalabu ya bawo ya anthu opuma pantchito. Akuti iwo pamodzi ndi anzawo ali ndi chidwi chachikulu, koma boti lonse lawachulukira, ngati n'kotheka kampani iwapatseko injini imodzi yophera usipa.

Ndaimbira amayi kufunsa kuti kodi amalume ankagwira ntchito yanji kwenikweni ku nevi. "Ometa," akutero amayi. "Sunkadziwa? Ankameta mabwana onse."

Palibe vuto. Wometa amadziwa anthu. Mawa ndipempha sabata imodzi yowonjezera.

LACHISANU

Chakudza sichiimba ng'oma.

Ndafika ndi jekete yanga, ndapeza bwalo lasesedwa, matanki akankhidwira kumbali, a Mwangi avala tayi. Akuti ankandibisira kuopa tsoka: kukubwera alendo enieni, asilikali a pamadzi a dziko lina loyandikana ndi lino, amene ali mu Nairobi pa msonkhano. Ogula oyamba kulipenya botilo chilipangireni! Akuti ineyo ndiime pafupi, ndinene manambala ndinaloweza aja.

Ndayesa kunena kuti bwana pali kankhani, koma galimoto zalowa kale pageti. Mzee Otieno wandiyang'ana kamodzi, n'kupita kukabisala kuseri kwa thanki.

Akuluakulu atatu, yunifolomu zoyera mbee, mapewa olemera. Lona lachotsedwa. Kunja botilo likuwala, ndipo ndanena liwiro ndi mafuta osaphonya ngakhale nambala imodzi, izi zilembedwe. Wamkulu wawo akugwedeza mutu, akugogoda m'mbali, akufunsa ngati tingapange asanu ndi limodzi. Asanu ndi limodzi! A Mwangi misozi ili m'maso. Kenako mkuluyo waona matayala a ngolo ataphwa, wafunsa chifukwa chake boti lopepuka likulemera chonchi. Wakwera makwerero. Watsegula chitseko.

Choyamba kutuluka ndi njinga ya mwana. Yatsika yokha.

Masefuliya atsatira, phokoso lake mpaka amakanika a galaja ya kutsidya atuluka kudzaona. Mkulu uja walowabe, wapatula diresi ya ukwati ndi dzanja, n'kukumana maso ndi maso ndi mwala uli pampando wa kapiteni, lamba ali pachifuwa. Wavula chipewa. Watsika chambuyo, wauza a Mwangi mwaulemu kuti iye sangakweze anyamata ake m'boti limene layamba kunyamula manda lisanalowe m'madzi. Galimoto zatuluka.

"Hii ni nini?" Ndi mawu okhawo amene a Mwangi anena, katatu, kufunsa kuti ichi n'chiyani. Ndafotokoza kuti kwathu munthu sapita kumudzi chimanjamanja, ngakhale boti. Sanaseke. Akuti katundu achoke pofika mawa masana, ndipo ine nditsogole.

Ndalira m'minibasi, imene kuno amati matatu, kuyambira ku Industrial Area mpaka ku Buruburu, nyimbo zili pamwamba, palibe wandimva.

LOWERUKA

Tatuta zonse ndi a Kachingwe, taunjika m'holo ya tchalitchi. Njira yonse sanandikalipire. Angoti, "Mwala sunasweke, tithokoze."

Ndalemba pagulu lathu la WhatsApp kuti boti silipitanso, ntchito yandithera, aliyense adzatenge katundu wake. Mayankho:
"Pepani achemwali, Mulungu ali ndi cholinga."
"Diresi ija sinapindike?"
"Ndiye inuyo mukupita liti kumudzi?"

Funso lomalizali lalandira zala zovomereza zambiri kuposa uthenga wanga. Mpaka dzuwa kulowa palibe ndi mmodzi yemwe wabwera kudzatenga kanthu.

Ndapita m'tauni kukagula tikiti. Basi ya Lachiwiri, kudzera ku Tanzania, masiku atatu pamsewu. Pobwerera ndadutsa pa nyumba zazitali za maofesi, ndayang'ana mazenera onsewo. Mtima ukuwawa, ndisaname. Ndimaukonda mzinda uno, ndi fumbi lake lomwe.

Amalume atumiza uthenga kufunsa za injini.

LAMULUNGU

Mlembi wa mpingo walengeza kuti mlongo wathu akubwerera kumudzi Lachiwiri, timuthokoze chifukwa cha mtima wake wothandiza. Anthu aomba m'manja, Mayi Chirwa aimba nthungululu. Andiimika kutsogolo, andipempherera kuti ndiyende bwino pamodzi ndi zonse zimene ndanyamula. Za ntchito yanga pempherolo silinatchule.

Amayi a mumpingo asonkha zolipirira katundu, abambo akambirana ndi kondakitala pafoni mpaka wavomera mwala, bola ugone pansi penipeni. Pepala la malo otsitsira andilembera kale: Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu. Pawonjezekanso makatoni anayi ndi wilibala. A Kachingwe andigwira dzanja ndi manja awo onse awiri: "Amayi anga mukawafikitse bwino." Ndayankha kuti ndikawafikitsa, ndipo ulendo uno sindikunama.

Koma kondakitala wanenetsa kuti pa dzina langa sipakwananso ngakhale kachikwama, malo anga onse adzaza. Sutikesi yanga, zovala, mabuku a zaka zitatu, zonse zitsala kwa Wanjiru. Ine ndikwera ndi dipuloma mu envelopu ndi mswachi.

Madzulo ano ndagula tepi. Ndamata pasutikesi, ndalemba dzina langa, Balaka, ndi nambala ya foni ya amayi. Kenako ndaimbira Mayi Chirwa, ndawapatsa moni bwinobwino, n'kufunsa motsitsa mawu ngati amvako za munthu wina amene akupita kumudzi mwezi wa mawa. Ndi kakatundu kakang'ono chabe.