Tsiku Limene Ndinazungulitsa Apongozi pa Raundabauti ya Laimu

Nkhani iyi ndiinene ndekha, chifukwa anthu a pa Phalula aithira mchere wambiri, mpaka ena akumati ndinalira. Sindinalire. Koma zina zonsezo n'zoona, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Ine kwathu ndi ku Ngokwe, ku Machinga, koma ndinakwatira ku Phalula, ndiye kuno ndine mkamwini. Ntchito yanga ndi kabaza wa njinga yamoto. Anzanga anandisankha kukhala tcheyamani wa pasiteji pathu, osati chifukwa cha nzeru, koma pakamwa.

Siteji yathuyo ili pamphambano pamene msewu wafumbi wochokera kumidzi umadutsa M1. Malo oopsa zedi. Mathiraki amabwera ngati akuthawa nkhondo, maminibasi amaima paliponse, ife akabaza timangolowa osayang'ana, azimayi a tomato nawo kuthamangira galimoto iliyonse beseni lili pamutu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anagundidwa pomwepo, mpaka lero amayenda ndi ndodo.

Titadandaula kwambiri, a khonsolo anatumiza injiniya, mayi wachitsikana wovala magalasi, kuti adzamve maganizo athu. Funso linali limodzi: paikidwe maloboti kapena raundabauti?

Miting'i inachitikira pabwalo la mpira la kusukulu, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anagawanika pawiri. Mbali ya maloboti inkatsogoleredwa ndi wapampando wa azimayi a pamsika, mayi Nachisale.

Mayi Nachisale ndi apongozi anga. Mayi a mkazi wanga enieni. Munthu amene ndikakumana naye panjira ndimapatukira kutchire, ndipo chikwatirireni mwana wawo sindinawayang'anepo m'maso.

"Raundabauti idya malo onse a mabenchi athu," anatero apongozi. "Tikagulitsira kuti? Komanso nkhalamba ngati ine iwoloka bwanji magalimoto akungozungulira osaima? Loboti ikafiira, thiraki imaima, munthu n'kuwoloka."

Azimayi m'manja phuphuphu.

Ndinaimirira, maso ndalozetsa pansi. "Amayi anena zoona. Koma magetsi akathima, loboti ija ndi mtengo chabe. Mukaika ya sola, batire mawa lomwe lasowa. Komanso tisanamizane, anyamata angawa loboti yofiira angaimvere? Raundabauti ilibe kuthima, aliyense amachepetsa sipidi afune asafune."

Anyamata a kabaza likhweru. Mutu unakula. Apa ndi pamene Satana anandilowa pakamwa.

"Ine ma raundabauti a ku Blantyre ndawazungulira mpaka kutopa nawo!"

Zoona zake n'zakuti ku Blantyre ndinapitako kamodzi, paminibasi, nditakhala chotembenukira kumbuyo, thumba la makala la munthu wina lili pamiyendo. Raundabauti ndinangoimva m'thupi pamene tonse tinapendekekera mbali imodzi.

"Very good," anatero a injiniya. "Ndiye a tcheyamani atisonyeze mmene zimayendera, anthu aone ndi maso."



Anatenga laimu wolembera bwalo la mpira n'kujambula chimzere chozungulira, misewu inayi yolowamo, pakati n'kuikapo mgolo. Mnzanga Yusufu anapatsidwa wilibala kuti akhale basi. Anamuimika pamsewu wochokera ku Blantyre, nkhope ili siriyasi ngati dalaivala weniweni.

"Lamulo ndi limodzi," anafotokoza a injiniya. "Amene ali mkati ndiye mwini njira. Ukalowa, suyima. Oyima ndi amene akufuna kulowa. A tcheyamani, mulowere apa, mukatulukire njira ya ku Ntcheu uko. Koma pakufunika pasenja."

Ndinayamba kupemphera kuti pasapezeke munthu.

"Ndikwera ine," anatero apongozi, akumanga chitenje. "Ndione ndekha ngati chinthuchi n'chabwino."

Abale inu! Mkazi wanga Agnesi anali pagulu la azimayi, anagwira pakamwa. Ine thukuta kuyambira m'helemeti mpaka m'nsapato. Apongozi anakwera chammbali, manja awo agwira chitsulo chakumbuyo, pakati pathu asiya mpata woti n'kukhalapo munthu wina.

"Tiyeni, bambo a Mphatso," anatero motsitsa mawu, ponditchula ndi dzina la mwana wathu.

Kiki yoyamba, njinga zii. Yachiwiri, zii. Yachitatu inalira. Ndinalowa chakumanzere monga anandilozera, m'mutu mukungomveka mawu awiri: ukalowa, suyima. Ukalowa, suyima.

Ndinadutsa msewu woyamba bwinobwino. Koma pofika pa njira ya ku Ntcheu, anthu anali atasendera kutsogolo kuti aone bwino, laimu yense ali pansi pa mapazi awo. Njira sindinaione. Ndinaidutsa.

Ndiime ndifunse? Iyayi, lamulo likukana. Ndinaponya maso kwa a injiniya. Iwo anakweza chala m'mwamba n'kuchizunguza kamodzi. Anandiuza pambuyo pake kuti ankatanthauza kuti zungulirani kamodzi, mutuluke. Ine ndinamva kuti pitirizani, mukuchita bwino.

Ndinapitiriza.

Ulendo wachitatu anyamata a kabaza anayamba kuwerenga mokweza. "Firii! Foloo!" Ana asukulu nawo kulowerera. Ndinayang'ananso kwa a injiniya. Tsopano chala chija chinkazungulira mothamanga, nkhope atakwinya.

Ndinati m'mtima, ndikuchedwetsa, akufuna sipidi. Ndinaponya giya ina.

Fumbi koboo! Laimu kuuluka. Kumbuyo kwanga ndinamva mpata uja ukuchepa.

"Basi!" anakuwa apongozi.

Ndinayang'ana kutsogolo, ndinamuona Yusufu ndi wilibala yake. Ndinati, amayiwa akundiyesa ngati lamulo ndalimva.

"Ndaiona, amayi! Iyime iyoyo, ife tili mkati!"

"Ndati basi!"

"Musaope, amayi! Basi ilibe mphamvu pano, njira ndi yathu!"

Ndinaimbira Yusufu hutala. Iye, pomva dzina la galimoto yake likutchulidwatchulidwa, anaganiza kuti akuitanidwa. Anakankha wilibala n'kulowa mu raundabauti, pakamwa akuliza injini. Tsopano tinalimo awiri. Ine kuti ndisamugunde ndinayamba kuzungulira mothinana ndi mgolo, njinga itapendekeka, bondo langa likufuna kukhudza pansi.

Apa ndi pamene chinachitika chinthu chimene makolo athu sanachionepo. Apongozi anasiya chitsulo n'kundigwira m'chiuno. Manja onse awiri!

Azimayi anakuwa, "Mayooo!"

Ine mantha anawirikiza. Thupi lonse linauma gwaa, dzanja langa linakanirira pamoto. Ndinkaona nkhope zikudutsa: abusa, Agnesi, a injiniya, Yusufu, abusa, Agnesi, a injiniya, Yusufu. Ndinkaganiza za katundu wanga, ngati angakwane panjinga ulendo umodzi wobwerera ku Ngokwe.

"Bambo a Mphatso! Basi! Basi! Basiii!"

"Ndi imodzi yomweyo, amayi! Tikungoipeza kawirikawiri!"

"Naini! Teni!" anatero anyamata.

A injiniya anali atataya fayilo yawo, akuthamanga m'mbali mwathu, manja onse m'mwamba. Ine ndinkangoona ngati akuchemerera. Agnesi ankakuwa dzina langa lenileni, limene satchula pagulu. Koma helemeti, injini ndi mantha zikaphatikizana, khutu limasankha zomva.

Kenaka dzanja limodzi linachoka m'chiuno mwanga. Mwadzidzidzi ndinangoona chinthu chofiira psuu chili lendelende kutsogolo kwa maso anga. Apongozi anali atavula duku lawo n'kulitambasula pamwamba pa phewa langa.

"Yafiira! Loboti yafiira!" anakuwa apongozi.

Sindinaganize n'komwe. Phazi linaponda buleki lokha. Njinga tswii, n'kuima. Yusufu, amene ankabwera pambuyo, anakhota mwadzidzidzi, wilibala n'kukagunda mgolo. Phokoso lake linamveka mpaka kumsika.

Apongozi anatsika mwaulemu wawo wonse. Anayenda masitepe atatu molunjika, pa sitepe yachinayi anakhotera kumanzere okha, azimayi n'kuwawakha. Ine ndinati nditsike ndikapepese, koma bwalo lonse linali likuzungulirabe. Ndinagwada mwaulemu, ndikuomba m'manja.

"Pepani amayi, ndalakwa, mundikhululukire."

"A tcheyamani," anatero Yusufu ali chigonere pansi, "amene mukuwapepesawo ndi mgolo."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Abusa anavula magalasi kupukuta misozi. A injiniya okha ndi amene anayesa kundipulumutsa. Atatola fayilo yawo anati raundabauti yeniyeni imakhala ndi zikwangwani zolozera njira, ndipo munthu ukasokonezeka umatuluka pena paliponse n'kukaima pambali.

"Bwanji simunanene poyamba?" ndinafunsa.

"Munati a ku Blantyre munatopa nawo."



A injiniya anatiuza kuti maganizo a mbali zonse akawapereka ku khonsolo, ndipo pakali pano akapempha kuti paikidwe mahampu ndi mizere yowolokera anthu, chifukwa aona okha kuti pamalopa chofunika msanga ndi kuchepetsa sipidi. Ponena mawu omalizawo anandiyang'ana ine.

Asanatseke miting'i anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu otsiriza. Apongozi anaimirira, atagwirira phewa la Agnesi, duku lili m'manja, n'kuyang'ana a injiniya.

"Mwana wanga, ukalembe bwinobwino kumeneko. Bambo a Mphatso anati anyamata a kabaza loboti yofiira sangaimvere. Lero tonse taona. Ine apongozi awo ndakuwa kakhumi, sanandimve. Koma kansalu kofiira akamvera kamodzi n'kamodzi!"

Kenaka tinavota pokweza manja. Mavoti a azimayi, a abusa, ngakhale a anyamata anga omwe, onse anapita ku maloboti. Yusufu anakweza manja awiri.

Munthu ukamanama, uziyamba wafunsa potulukira.